Mzere Wofiira pa Khoma la a Zatsika

Mtsikana wa pakauntala anamubweretsa kupolisi dzuwa lili paliwombo, bulauzi itanyowa ndi mkaka pachifuwa. Khanda lake linali litatsala kunyumba ndi apongozi ake. Amene anamugwira pamkono mpaka pakhomo la polisi anali bwana wake yemwe, mwini sitolo ya mabedi ndi matiresi, amene anthu ankangomutchula kuti a Zatsika chifukwa m'mawa uliwonse ankaima pakhonde n'kumakuwa kuti, "Zatsika! Lero lokha zatsika!"

Munthu akamakukuwirani kuti lero lokha, chikwama muzichigwira ndi manja awiri. Koma anthu samva, amathamangira komweko ngati kwagwa ngozi.

Pakauntala ya polisi panali Sajeni, mayi wamtali, wosachedwa kupsa mtima, amene anali ataona zambiri moti misozi ya anthu olemera sinkamusuntha. Anayang'ana bulauzi ija, kenako nsapato zonyezimira za a Zatsika.

"Walakwa chiyani mwanayu?"

"Mayi Sajeni, ine ndine munthu wopemphera," anayamba choncho a Zatsika, dzanja lili pamtima. "Anesi ena anagula matiresi kwathu, n'kukandinenera ku ofesi yoteteza ogula. M'mawa uno kwabwera bambo wa kumeneko, akuti zikwangwani zopachikidwa m'sitolo mwanga n'zabodza. Ine kuyang'ana, zoonadi! Palembedwa mtengo waukulu ngati wakale, wodulidwa ndi mzere wofiira, pansi pake akuti tsopano ndi theka. Chonsecho mtengo waukuluwo sindinagulitsepo chibadwire. Ndinangoti kakasi."

"Ndiye zinadzipachika zokha?"

"Uyu! Ine ndinali paulendo kokapikula katundu, tikiti ya basi nayi. Mtsikanayu ndimamulipira malinga ndi zimene wagulitsa. Anaona kuti bwana wachoka, mpata ndi umenewu, anamize anthu kuti azigula mothamanga. Wandiipitsira dzina, mayi."

Mtsikana uja anaweramitsa mutu. Anangopinda manja pachifuwa kubisa ponyowa paja.

Mkulu wa pasiteshoni anatuluka mu ofesi mwake, namvetsera mbali imodzi yokha, naona tikiti, nalamula kuti mtsikanayo atsekeredwe, m'mawa mwake apite kukhoti pa mlandu wobera anthu mwachinyengo. Sajeni ankadziwa zimene zimatsatira. Wopanda womulipirira belo amamukweza galimoto kupita kundende yosungirako oyembekezera mlandu, ndipo kumeneko miyezi imatha munthu ataiwalika. Khanda likanasiya bere lisanayambe n'kukhala komwe.

"Bwana, ndipatseniko masana ano okha," anatero Sajeni.

"Dzuwa likalowa ndikusainira mapepala," anayankha mkuluyo, natseka chitseko.

* * *

M'selo munkanunkha ndowa yodzithandiziramo imene inali pakona. Mtsikana uja anakhala pasimenti, miyendo atapinda. Sajeni analowa, nanjuta patsogolo pake.

"Mwanawe, ndiyang'ane. Zikwangwanizo unapachika ndiwe?"

"Ndine, mayi."

"Unazitenga kuti?"

"Anandiimbira foni ali m'basi. Anati zili kuseri kwa kabati, m'chipinda chosungiramo katundu. Anati ndipachike anthu asanayambe kubwera."

"Alipo amene anamva?"

"Ndinali ndekha."

"Unkadziwa kuti n'zabodza?"

Mtsikanayo anakanda simenti ndi chikhadabo. "Matiresi aja mtengo wake ndi womwewo chiyambire ine ntchito. Umene akuti theka ndi umene takhala tikugulitsira masiku onse. Mwinanso anakwezako pang'ono."

"Ndiye bwanji sunakane?"

"Bambo wake wa mwana anawachotsa ntchito. Ndikanakana tikanadya chiyani?" Anatsitsa mawu. "Anesi aja ndinawanong'oneza kuti akayambe aona kwina. Sanandimve. Mayi, mabere akundiwawa. Mwana uja sadziwa botolo."

Sajeni anaimirira mawondo ake akulira. Zimenezi n'zimene zimagwera ana a anthu osauka akapeza ntchito: dzanja logwira chinthu limakhala lawo, mutu woganiza chinthucho uli m'basi ndi tikiti m'thumba.

* * *

Sajeni anawapeza anesi aja pakhonde la chipatala akukankha kangolo ka mankhwala. Anali mayi wonenepa, wa mawu omveka mpaka kuchipata.

"Mwamugwira? Mwachita bwino! Ine bambo anga agona chaka osadzuka, msana wonse zilonda. Ndinati ndiwagulire matiresi olimba. Ndinadzimana, mayi, mpaka nsapato izi kuzisoketsa kawiri. Ndikudutsa pasitolo paja ndinaona khoma lija, chimtengo chachikulu chodulidwa ndi mzere, ndinati Mulungu wandiona. Kulowa m'kati, zikwangwani zofiira paliponse. Ndinagula osaganiza. Patapita masiku ndikulowa sitolo ina kofuna nsalu, matiresi omwewo, mtundu womwewo, opanda chofiira chilichonse, mtengo wotsika kuposa theka lawolo! Ndinakhala pansi pomwepo ngati wodwala."

"Anakugulitsani ndani?"

"Kamtsikana kaja. Asakane."

"Sanakuuzeni kanthu musanalipire?"

Anesiwo anaima, nakwinya nkhope. "Ananong'ona zinazake, zoti ndikaone kwina. Ine ndinkayesa akufuna kusungira m'bale wake matiresiwo, poti anatsala amodzi. Ndinamukalipira." Kenako mawu anabwereranso mwakale. "Koma ndalama analandira ndi iyeyo! Ine ndikufuna zanga, zina zonsezo mudziwa ndinu."

"Munati munakopeka ndi khoma?"

"Khoma lija lakhala likukuwa zaka. Ndani sanalione?"

* * *

Sitolo inali yotseka, pachitseko atamatapo pepala la boma. Panja panali anthu angapo akusuzumira pawindo, ena atabwera ndi njinga zoti anyamulirepo katundu. Mlonda, nkhalamba ya chijasi chachitali ngakhale kunkatentha, anakhala pa chitini chake pafupi ndi chitseko.

"Agogo, zikwangwani zija anapachika ndani?" anafunsa Sajeni.

"Ine, mayi, anandilemba kuti ndiziona akuba olowa. Za m'kati maso anga safikako."

"Koma munaona."

"Kuona n'kwambiri. Mwina ndinaona mtsikana uja atakwera pampando. Mwinanso ankapukuta fumbi. Munthu ukakula, mpando ndi munthu zimafanana."

"Nanga zinalowa bwanji m'sitolo?"

"Pakhomo, mayi. Pawindo pali zitsulo."

Sajeni anawerama mpaka nkhope yake inayandikira ya nkhalambayo. "Mwana wa eni ali m'selo, khanda likulira kunyumba. Inu mukuseweretsa lilime."

Mlondayo anayang'ana kumanja, nayang'ana kumanzere. "Ine sindinanene kanthu. Koma penti wa zikwangwani zonse za mumsewu uno amachokera m'dzanja limodzi. Kuseri kwa malo okonzera matayala, mukafunse a Mapenti. Dzina langa musalitchule, ndili ndi adzukulu."

Ali pomwepo panafika bambo wa ku ofesi yoteteza ogula, wowonda, wa magalasi, atanyamula zikwangwani zija m'khwapa. Ankaoneka munthu wotopa ndi anthu.

"Lamulo lake ndi losavuta, a Sajeni," anatero. "Ukalemba kuti chinthu chinali pa mtengo wakuti, ukhale kuti unagulitsapo ndithu pa mtengo umenewo, ndipo kwa nthawi yooneka. Ukati lero lokha, likhale lero lokha. Bambo uyu ndamulondola kalekale. Ndikangoyandikira, amatulutsa wantchito n'kumuika patsogolo. Mtsikanayu si woyamba. Enawo anangochotsedwa ntchito, uyu ndiye wafika naye kupolisi poti tsopano ndatseka chitseko."

Sajeni anakweza maso kuyang'ana khoma la kutsogolo. Pamwamba pa chitseko panali chithunzi cha bedi, manambala akuda aakulu ngati mwana woimirira, mzere wofiira wopingasa, ndipo pansi pake manambala ena. Zonse zinali zitachita fumbi ndi kusuluka ndi dzuwa.

"Nanga ilo?"

"Ilo akuti n'loona. Akuti bedi linakhala chaka chathunthu pa mtengo wakudawo, kenako anadula atatsitsa. Ndi zakale, mabedi amenewo anatha, ogula sindingawapeze. Ndilibe pogwira."

Mthunzi wa sitolo unali utayamba kutalika kulowera mumsewu.

* * *

A Mapenti ankagwira ntchito pansi pa chisakasa cha malata, pakati pa zitini zopanda zivindikiro ndi mabulashi oviikidwa m'mabotolo odula. Anali kamunthu kafupi, ndevu zili mawangamawanga ndi penti, pakamwa posatseka.

"Aa, boma lafika! Mukufuna chikwangwani cha polisi? Chanu chija chafufuta, mbava zimadutsa osadziwa kuti afika."

"Zikwangwani za kwa a Zatsika munalemba ndinu?"

"Ine ndimalembera aliyense, mayi. Ometa, ogulitsa mabokosi a maliro, ngakhale asing'anga obweza mwamuna wothawa. Munthu amabwera ndi manambala ake, ine ndimangowakongoletsa."

"Anabwera nawo ndani manambala amenewo?"

Nthabwala zinauma. A Mapenti anayamba kutakasa chitini chimene chinali chotakasa kale. "Wa m'sitolo momwemo."

"Mwamuna kapena mkazi?"

"Mtsikana uja," anatero akuyang'ana m'chitini.

"Ndiyang'aneni ponena zimenezo."

"Mayi, a Zatsika ndi amene amandidyetsa. Ndanena, ndatha."

Sajeni anapsa mtima. Anafuna kugubuduza zitini zonse zija ndi phazi. Anthu atatu akuluakulu, onse akudziwa choona, ndipo onse akuteteza mimba zawo pamsana pa mwana woyamwitsa! Anatembenuka kuti azipita. Atafika potulukira anaima kuti apume kaye, chifukwa ankadziwa kuti akayenda ndi mkwiyo umenewo akamenya munthu wosalakwa.

A Mapenti, poyesa kuti mlendo wapita, anakoka thabwa loyera lopanda kanthu, ntchito ya sitolo ina ya nsapato. Anaviika bulashi m'penti wofiira, nakoka mzere umodzi wopingasa, wowongoka bwino, pathabwa lopanda chilembo ngakhale chimodzi.

Sajeni anabwerera. "Mukudula chiyani pamenepo? Palibe kanthu."

Kamunthu kaja kanadzidzimuka, koma funso la ntchito linakasangalatsa. Mmisiri mukamuopseza amatseka pakamwa, koma mukamufunsa za luso lake amaiwala kuti ali ndi chobisa.

"Apa ndiye pali nzeru, mayi! Anyamata a masiku ano amayamba ndi manambala akuda, kenako n'kudutsitsa wofiira pamwamba. Wakudayo akakhala wosauma, wofiira amasanduka ngati matope. Udikire aume, tsiku lapita, mwini ntchito akukutukwana. Ine ayi. Ndimayala wofiira poyamba, sachedwa kugwira. Ndikamwa tiyi, ndimalemba wakuda pamwamba pake, poti wakuda amakwirira chilichonse. Munthu ali mumsewu amangoona kuti mtengo wadulidwa. Ndani amakwera makwerero kukaona kuti wayamba ndani?"

"Mumatero nthawi zonse?"

"Chiyambire! Dzanja langa silidziwa njira ina."

"Nanga akakuitanani kuti mukadule mtengo umene unalembedwa kale, wakhala chaka pakhoma?"

"Aa, pamenepo wofiira amakhala pamwamba, nanga angalowe bwanji pansi pa..."

Bulashi inaima m'malere. Dontho lofiira linagwera pa phazi lawo, iwo osalimva.

"Tsekani zitini zanu," anatero Sajeni. "Munyamule makwerero."

* * *

Sajeni anaitanitsa a Zatsika pafoni, ndipo iwo anafika pagalimoto yawo akumwetulira, poganiza kuti akudzawatsegulira sitolo. Anthu pakhonde anali atachuluka. Bambo wa ku ofesi ya ogula anaima pambali ndi zikwangwani zake. A Mapenti anaimika makwerero pakhoma, nkhope ili pansi.

"Bambo, ndithandizeni kuti ndilembe bwino," anatero Sajeni mofatsa. "Zikwangwani za m'kati ndi za mtsikana uja, tamva. Nanga khoma ili analembetsa ndani?"

"Ili ndi langa ndithu! Ndinaima pomwe mwaimapo, ndi ndalama zanga. Nthawi imeneyo mtsikanayo anali adakali pasukulu, sindinkamudziwa n'komwe."

"Ndipo mtengo wakudawo unali woona?"

"Chaka chathunthu unakhala pamenepo wokha. Anthu ankagula. Nditaona kuti zinthu zavuta, ndinawamvera chisoni, ndinaitana mmisiriyu kuti adzaudule. Funsani aliyense."

"Wakuda poyamba, wofiira patapita chaka."

"Ndendende, mayi."

"Anthuni, mwamva?"

"Tamva!" anayankha angapo, osadziwa kumene nkhani ikulowera.

Sajeni anapempha mlonda botolo la madzi ndi chisanza. Anakwera makwerero pang'onopang'ono, a Mapenti atagwirira pansi. Atafika pa manambala anapukuta fumbi la zaka. Penti anawala ngati watsopano. Mzere wofiira unkabwera kuchokera kumanzere, n'kufika pa nambala yoyamba, n'kusowa, n'kutulukira mbali inayo, n'kusowanso pa yachiwiri. Sunadutse pamwamba pa nambala ngakhale imodzi.

Anatulutsa kiyi m'thumba, nakanda pakati pa nambala yakuda pamene mzere unasowera. Wakuda anasendeka ngati khungu la chilonda. Pansi pake panatuluka wofiira, wowala, wosadukiza.

"Bambo a ofesi, bwerani mudzaone."

Bambo wa magalasi uja anakwera masitepe angapo, nayang'ana, natsika msangamsanga. Anayala zikwangwani za m'kati pansi, nakanda chimodzi ndi chikhadabo. Wofiira pansi, wakuda pamwamba. Anakanda china, chimodzimodzi.

Sajeni analankhula ali pamwamba pomwepo, mwaukali. "Mtengo uwu sunakhalepo wokha pakhoma pano ngakhale tsiku limodzi. Mzere ndi umene unayamba, mtengo n'kudzakhala pamwamba pake. Munaulemba muli mutaudula kale! Ndipo mwanena nokha, anthu akumva, kuti munalembetsa ndinu, mwana uja ali pasukulu. Bodza la pakhoma ndi la m'kati ndi limodzi, njira yake imodzi. Kodi ali pasukulupo ankakuimbirani foni kukuphunzitsani?"

"Ameneyu ndi mmisiri wosadziwa ntchito!" anakuwa a Zatsika akuloza a Mapenti. "Anasokoneza yekha! Ndimulipiritsa!"

Apa ndiye analakwitsa. Kamunthu kaja kakanapirira zambiri, koma osati kutchedwa kosadziwa ntchito pamaso pa msewu wonse umene kanaulembera.

"Ine wosadziwa ntchito? Ine? Simunabwere nokha kuchisakasa kwanga musanakwere basi, manambala onse awiri mutalemba pachikhatho? Simunati ndipake tiyi pa manambala akudawo kuti azioneka akale? Mtsikana uja sanapondepo kwanga chibadwire! Mayi Sajeni, ndinanama, lembani kuti ndinanama. Anandiuza kuti ndikatchula iwo sindidzalembanso mumsewu uno."

Pakhonde panabuka phokoso. Bambo wina anakuwa kuti bedi lake analigula chifukwa cha khoma lomwelo. Mayi wina anavula nsapato. Sajeni anatsika msanga n'kuima pakati, chifukwa gulu likapsa mtima silisankha, limaponda ndi ana omwe. Anamanga a Zatsika unyolo nawakankhira m'galimoto yawo yomwe.

Ndipo pamene galimoto inkanyamuka, mayi wina wa chikwama chachikulu anagogoda pawindo la Sajeni, nkhope ili yodandaula.

"Ndiye mutsegula liti, mayi? Ine ndachokera kutali, ndamva kuti zatsika theka."

Sajeni anangotseka maso. Pali anthu oti ngakhale muwaonetse dzenje ndi chala, amafunsa kuti polowera ndi pati.

* * *

Mkulu wa pasiteshoni anamvetsera a Mapenti, namvetsera bambo wa ku ofesi ya ogula, nakanda yekha chikwangwani chimodzi ndi cholembera. Sanapepese. Anangong'amba pepala la kukhoti n'kunena kuti, "Mutulutseni."

Pabenchi ya panja panali apongozi a mtsikana uja, mayi wachikulire wooneka kuti walira tsiku lonse, khanda lili m'manja litasasa mawu. Chitseko cha selo chitatseguka, mtsikanayo sanayang'ane munthu. Anathamangira pabenchi, nakhala, natsegula mabatani. Khanda linagwira bere ndi ukali, likusisima, kenako polisi yonse inangoti zii.

Patapita kanthawi mtsikanayo anakweza mutu. "Mayi Sajeni, iwo agona mmene ndinali ine?"

Sajeni sanafune kumunamiza. "Loya wawo ali m'njira. Mwina atuluka lero lomwe. Za sitolo alipira chindapusa, anesi aja abwezeredwa zawo. Za kukunamizira iwe ndiye ndizigwira ine, sindizisiya."

"Nanga ntchito yanga?"

"Sitolo yatsekedwa, mwanawe."

Mtsikanayo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Apongozi ake anamufunditsa nsalu pamapewa.

Koma loya asanafike, lamulo la m'selo ndi limodzi kwa aliyense, ndipo Sajeni anaonetsetsa kuti latsatidwa lonse. A Zatsika anavula nsapato zonyezimira zija, navula masokosi, navula lamba. Anawadutsitsa pakhonde ali chosavala kumapazi, dzanja limodzi litagwira thalauza kuti lisagwe. Atafika pabenchi anaima, nayesa kumwetulira.

"Mwanangu, uwauze kuti tinangosemphana. Ndi nkhani ya m'banja iyi. Ndikatsegula ndidzakuwonjezera malipiro. Wamva, mwanangu?"

Mtsikanayo anasinthira khanda ku bere linalo, nalikonza mutu bwinobwino. Kenako anawayang'ana kuyambira kumaso mpaka ku zala za kumapazi.

"Mwana wanu ndani, bambo? Amene ali ndi mwana pano ndine. Pitani, ndowa ili pakona ya kumanzere."